Kusankha mapulogalamu osungira imelo, kalendala ndi manambala a makasitomala pa bizinesi yaing'ono

M'mabizinesi ang'onoang'ono ambiri zinthu zitatu izi zimagona nyumba zosiyana. Imelo ili pa akaunti ya Gmail imene anatsegula mphwake wa bwana ali ku koleji, manambala a makasitomala ali mu foni ya mnyamata wogulitsa, ndipo masiku operekera katundu amalembedwa ndi bolopeni pa kalendala ya pakhoma. Zimayenda ndithu, mpaka tsiku limene foni yasowa m'minibasi, kapena mnyamata uja wapeza ntchito kwina n'kupita nawo manambala onse m'thumba. Malangizowa ndi a bizinesi ya anthu awiri mpaka makumi awiri, kaya ndi shopu ya zipangizo zomangira, ofesi yosindikiza mapepala kapena kampani ya zamtengatenga.

Siyanitsani nkhokwe ndi chitseko

Anthu akamati "tikufuna Outlook" kapena "ife tizolowere Gmail", amasakaniza zinthu ziwiri. Pali nkhokwe, kumene makalata, masiku ndi manambala zimasungidwa: Google Workspace, Microsoft 365, Zoho Mail, kapena seva (kompyuta yaikulu yosunga zinthu pa intaneti) ya kampani yosunga webusayiti yanu. Ndiye pali chitseko, pulogalamu imene mumatsegula kuti muone za m'nkhokwemo: Outlook ya pa laputopu, Thunderbird, apu ya Gmail, Mail ya pa iPhone. Chitseko mutha kusintha mawa lomwe popanda kutaya kanthu. Nkhokwe ndiyo yovuta kusamutsa, choncho yambani ndi iyo, ndipo ikhale m'dzina la bizinesi, osati la wantchito kapena wachibale.

Werengani anthu, osati maadiresi

Lembani papepala aliyense amene ayenera kulandira ndi kutumiza imelo, ndipo pambali pa dzina lake mulembe chimene amagwirira ntchito: foni ya Android, iPhone kapena laputopu ya Windows. Malipiro amawerengedwa pa munthu aliyense mwezi uliwonse, ndiye musalipire kawiri popanda chifukwa. Adiresi yoyamba ndi oda@ kapena info@ siifuna akaunti yakeyake. Pa Google Workspace munthu mmodzi atha kukhala ndi maadiresi owonjezera mpaka 30, otchedwa alias, makalata onse n'kumagwera m'bokosi limodzi. Pa Microsoft 365 pali shared mailbox, bokosi limene anthu angapo amalitsegula aliyense kudzera pa akaunti yake, ndipo silifuna layisensi yolipira bola lisapitirire 50 GB. Dalaivala amene amangofuna kudziwa kopita ndi nthawi yake safunika akaunti yolipira. Mutha kumatumiza ulendo uliwonse ku kalendala ya pa Gmail yake.

Chinthu chimodzi chokha mupewe: anthu anayi kugawana pasiwedi imodzi. Kalata ikafufutidwa simudziwa wafufuta ndani, ndipo mmodzi akachoka mumayenera kusintha pasiwedi pa mafoni onse.

Domeni

Domeni ndi dzina lobwera pambuyo pa chizindikiro cha @, lothera ndi .mw kapena .com. Imalipiridwa chaka ndi chaka. Kasitomala wamkulu, makamaka bungwe kapena ofesi ya boma, amakhulupirira koteshoni yochokera ku dzina la bizinesi kusiyana ndi yochokera ku adiresi ya Gmail yokhala ndi manambala kumapeto. Koma phindu lalikulu ndi lakuti mukakhala ndi domeni mutha kusamuka kuchoka ku Zoho kupita ku Google adiresi yanu osasintha.

Vuto lofala ndi ili: amene anakukonzerani webusayiti analembetsa domeni m'dzina lake, ndi imelo yake. Akasowa, kapena mukasemphana pa malipiro, mwagwira njakata. Mufunseni lero kuti akupatseni dzina ndi pasiwedi yolowera ku kampani imene analembetsako, ndipo muone ngati mwini wake walembedwa kuti ndi bizinesi yanu. Adiresi yolandirira zikumbutso za malipiro isakhale ya pa domeni yomweyo, chifukwa domeni ikatha makalata onse amaima, kuphatikizapo kalata yokuuzani kuti yatha.

Nkhokwe zinayi ndi makhalidwe ake

Google Workspace imayenera bizinesi imene ntchito yambiri imachitikira pa mafoni a Android. Mukangolowetsa akaunti pa foni, imelo, kalendala ndi manambala zimayendera limodzi popanda kuika china chilichonse, ndipo mayina amaonekera pa WhatsApp ndi poimba foni. Pulani yotsika, Business Starter, imapereka 30 GB pa munthu aliyense, pomwe Gmail yaulere ili ndi 15 GB yogawana ndi Drive ndi Photos. Pa laputopu mutha kutchera Gmail mu Chrome kuti izisunga makalata a masiku 7, 30 kapena 90, muziwerenga ngakhale netiweki yathawa.

Microsoft 365 imayenera ofesi imene tsiku lonse imakhalira pa Excel ndi Word. Business Basic ili ndi bokosi la imelo losachepera 50 GB ndi 1 TB pa OneDrive, koma Word ndi Excel zake ndi za pa intaneti ndi pa foni basi. Kuti muike mapulogalamuwa pa laputopu mufunika Business Standard. Ambiri amagula Basic poganiza kuti apeza zonse, n'kudzazindikira atalipira kale. Pa foni ya Android, mukaika apu ya Outlook, lowani m'makonzedwe a akaunti muyatse Sync contacts. Mukapanda kutero kasitomala akamaimba pamaoneka nambala yokha.

Zoho Mail ndi yotsika mtengo. Ili ndi pulani yaulere ya anthu osapitirira asanu, 5 GB aliyense, pa domeni imodzi, ngakhale siipezeka kwa aliyense wolembetsa. Pa pulani yaulereyo mumatsegula makalata pa webusayiti ndi pa apu ya Zoho yokha. Outlook kapena Thunderbird sizilowa mpaka mutalipira pulani ya Mail Lite.

Yachinayi ndi imelo yobwera pamodzi ndi malo osungira webusayiti, imene imatsegulidwa pa cPanel, tsamba loyendetsera malowo, ndi Roundcube, pulogalamu yowerengera makalata. Imaoneka ngati yaulere popeza munalipira kale, koma malo amakhala ochepa, ndipo seva imodzi imagawidwa ndi mawebusayiti ambirimbiri. Mmodzi mwa anansi anuwo akayamba kutumiza makalata achabechabe, seva yonse imadetsedwa mbiri, invoyisi yanu n'kumagwera mu spam ya kasitomala. Kalendala ndi manambala zimatheka kudzera pa CalDAV ndi CardDAV, njira zolumikizira kalendala ndi manambala ku foni, zimene iPhone imazidziwa yokha, koma pa Android mufunika apu ina monga DAVx5. Ngati mulibe munthu wodziwa makompyuta pafupi, njirayi idzakudyerani nthawi yoposa ndalama zimene mwapulumutsa.

Kunena mosapita m'mbali: mafoni a Android akachuluka papepala lanu lija, tengani Google Workspace; malaputopu a Excel akachuluka, Microsoft 365; thumba likakhala lopyapyala, Zoho yolipira yotsikitsitsa.

Nkhani ya malipiro musaione mopepuka. Mitengo ya makampani onsewa imawerengedwa m'madola. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo aliyense wolipira pamwezi anaona bilu yake itakwera tsiku limodzi. Komanso khadi la banki nthawi zina limakana kulipira kunja, ndipo malipiro akalephera kwa nthawi akaunti imayimitsidwa. Ngati mungathe, lipirani chaka chonse. Ngati mugula kudzera kwa wogulitsa wa m'dziko muno amene amalandira kwacha, palibe vuto, koma mgwirizano unene kuti akaunti ya admin, yolamulira maakaunti ena onse, ili m'manja mwanu.

Yesani musanalipire

Google Workspace imapereka masiku 14 oyesera, Microsoft 365 mwezi umodzi. Amafuna khadi polembetsa, ndiye lembani tsiku lothera kuti musadulidwe ndalama musanaganize bwino. Yesani ndi anthu awiri, pa mafoni enieni amene amagwiritsa ntchito, osati pa foni yabwino ya bwana. Sungani nambala yatsopano pa foni, muone ngati yafika pa laputopu pakatha mphindi zochepa. Lembani msonkhano pa laputopu, muone ngati foni yalira nthawi itakwana. Zimitsani data, tsegulani kalata ya dzulo, lembani yankho, yatsaninso data muone ngati lapita lokha. Mafoni ena otsika mtengo amatseka mapulogalamu amene sakuoneka pa sikirini pofuna kusunga batire, ndiye zikumbutso sizilira. Zikatero lowani ku makonzedwe a batire mulole Gmail, Calendar kapena Outlook kugwira ntchito nthawi zonse, ndipo muonenso ngati Data saver siikuwatsekereza.

IMAP, POP ndi msampha wa Outlook

Polumikiza chitseko ndi nkhokwe, pulogalamu ikakufunsani kuti IMAP kapena POP, sankhani IMAP. POP imakokera makalata pa kompyuta imodzi ndipo kawirikawiri imawafufuta pa seva, kotero laputopu ikafa kapena kubedwa, makalata a zaka zisanu apita nayo. IMAP imasiya zonse pa seva, chipangizo chilichonse n'kumaona zofanana. Manambala olowetsa ndi awa: IMAP ndi 993, SMTP yotumizira ndi 465 kapena 587, zonse ndi chitetezo cha SSL kapena TLS.

Koma IMAP imanyamula makalata okha. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu amalumikiza Outlook yakale ya pa Windows ndi akaunti ya Google kapena ya cPanel kudzera pa IMAP, n'kuyamba kulemba manambala ndi misonkhano m'menemo. Mukayang'ana bwino pa dzina la kalendalayo palembedwa kuti This computer only, kutanthauza kuti zonsezo zili pa laputopu imeneyo basi, sizikupita kulikonse. Tsiku lochotsa akauntiyo n'kuiikanso, zimatha. Outlook imagwirizana bwinobwino ndi Microsoft 365. Ngati nkhokwe ndi Google Workspace koma wowerengera ndalama sakufuna kusiyana ndi Outlook, muikireni pulogalamu ya Google yotchedwa GWSMO. Apo ayi gwiritsani ntchito Thunderbird, yomwe ndi yaulere ndipo imanyamula makalata, kalendala ndi manambala pamodzi. Ikakana pasiwedi imene mukudziwa kuti ndi yolondola, sinthani njira yolowera ikhale OAuth2, yolowera kudzera pa tsamba la Google kapena Microsoft, chifukwa Google ndi Microsoft anasiya kulola mapulogalamu kulowa ndi pasiwedi yokha.

Kuloza domeni ku nkhokwe yatsopano

Chitani izi Lachisanu madzulo, pamene makalata achepa. Musanakhudze chilichonse, tsegulani maakaunti ndi ma alias onse ku nkhokwe yatsopano, chifukwa kalata yopita ku adiresi imene kulibe imabwerera kwa mwini wake. Kenako lowani kumene kuli DNS ya domeni yanu, ndiye kuti mizere youza intaneti ma seva amene domeniyo imagwiritsa ntchito.

Mzere wa MX ndi umene umauza dziko kumene makalata anu azipita. Ikani umene nkhokwe yatsopano yakupatsani, wa Google ndi smtp.google.com, ndipo fufutani akale onse. Mukasiya akale, makalata ena amapita uku ena uko. Kusinthaku kumatha kutenga maola ochepa, nthawi zina mpaka masiku awiri, ndiye bokosi lakale musalitseke sabata imeneyo.

SPF ndi mzere wa TXT wotchula ma seva ololedwa kutumiza m'dzina lanu. Wa Google ndi v=spf1 include:_spf.google.com ~all, wa Microsoft ndi v=spf1 include:spf.protection.outlook.com -all. Domeni imakhala ndi mzere umodzi wokha wa SPF. Mukapeza wakale, musawonjezere wachiwiri. Phatikizani zonse mu umodzi, popeza iwiri imaonongana. DKIM ndi sayini imene imamatidwa pa kalata iliyonse. Pa Google mumaipanga mu Admin console, kuikopera ku DNS, kenako kubwerera n'kudina Start authentication, ndipo kudina komalizaku ndi kumene kumaiwalika kawirikawiri. DMARC ndi mzere wouza olandira chochita ndi kalata yolephera SPF ndi DKIM; yambani ndi p=none, kutanthauza kungoyang'anira osakana kalata. Kuyambira February 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, moti kalata yopanda SPF kapena DKIM itha kukanidwa kapena kuponyedwa mu spam. Mukamaliza tumizani kalata ku adiresi ya Gmail, muitsegule, musankhe Show original, muone ngati SPF ndi DKIM zalembedwa PASS.

Ngati webusayiti yatsala pa cPanel, lowani pa Email Routing musankhe Remote Mail Exchanger. Kupanda apo mauthenga ochokera pa fomu ya webusayiti amagwerabe m'bokosi lakale limene palibe akulitsegula.

Makalata akale asamutseni ndi chida chosamutsira chimene Google, Microsoft ndi Zoho onse ali nacho mu gawo la admin. Chimakoka kuchokera seva kupita seva, osadya bandulo yanu.

Manambala: ntchito yotopetsa koma yofunika koposa

Sonkhanitsani manambala kuchokera m'mafoni onse a ogulitsa. Pa apu ya Contacts sankhani Export, ipanga fayilo yothera ndi .vcf. Yang'ananinso a pa SIM khadi, amene amasunga dzina ndi nambala imodzi basi. Lowetsani mafayilo onse mu akaunti imodzi ya bizinesi, kenako pa Google Contacts gwiritsani ntchito Merge & fix kuti mayina obwerezedwa aphatikizane. Musadine kuphatikiza onse nthawi imodzi musanaone, chifukwa a Banda awiri osiyana atha kusanduka munthu mmodzi. Zikasokonekera, Undo changes imabwezera zinthu mmene zinalili tsiku lililonse la m'masiku 30 apitawa.

Nambala iliyonse iyambe ndi +265, ziro woyamba achoke: 099 ikhale +265 99, 088 ikhale +265 88. Mukatero imagwira ntchito ngakhale muli ku Lusaka kapena Johannesburg, ndipo siibwerezedwa ndi ina yolembedwa mosiyana. Chenjerani ndi Excel. Mukatsegula fayilo ya CSV, mtundu wina wa fayilo yosungira manambala, pongoidina kawiri, Excel imachotsa ziro woyamba ndi chizindikiro cha +, ndipo nambala yaitali imaisandutsa chinthu ngati 2.66E+11. Mukasunga fayilo ili choncho, manambala enieni atayika. Ilowetseni kudzera pa Data, From Text/CSV, mzere wa manambala muutchule kuti ndi Text, ndipo fayilo yoyambirira muisunge padera osaikhudza.

Gwirizanani kalembedwe ka mayina. M'mafoni a ogulitsa mumapezeka mayina ngati "Amayi a simenti", "Pulamba 2" kapena "Bwana Area 25", omveka kwa mwini foni yekha. Lembani dzina lenileni, kampani m'malo a kampani, ndipo zokumbutsa ngati "amalipira pakutha pa mwezi" ziikeni pa Notes. Magulu atatu kapena anayi ndi okwanira: makasitomala, otigulitsa katundu, a mayendedwe, maofesi. Pomaliza, pa foni iliyonse sinthani malo osungira nambala yatsopano akhale akaunti ya bizinesi, osati SIM kapena foni. Mukaiwala izi, pakatha miyezi itatu mwabwerera pomwe munayambira.

Kugawana buku limodzi la makasitomala ndi pamene Google ndi Microsoft onse amatsimphina. Directory ya Google imaonetsa antchito anzanu, osati makasitomala, ngakhale mutha kupatsa mnzanu chilolezo cholowa m'manambala a akaunti yanu pa kompyuta. Pa Microsoft manambala a mu shared mailbox amaoneka bwino pa Outlook ya laputopu, koma safika m'buku la manambala la pa foni. Anthu akakhala atatu kapena anayi, sankhani mmodzi wosunga buku lalikulu, aziwatumizira anzake fayilo ya .vcf ya manambala atsopano kumapeto kwa mwezi. Ogulitsa akachuluka, ndipo mukufuna kudziwa amene analankhula ndi kasitomala komaliza, nthawi yakwana yoika CRM, pulogalamu yosunga mbiri ya makasitomala, monga Bigin ya Zoho kapena HubSpot.

Kalendala

Choyamba onani nthawi ya dera: Central Africa Time, GMT+2, pa akaunti ndi pa chipangizo chilichonse. Laputopu yogulidwa kaunjika imabwera ndi nthawi ya dziko kumene inachokera, ndipo misonkhano imasuntha ndi maola. South Africa ndi Zambia ali pa nthawi imodzi ndi Malawi, Tanzania ndi Kenya ali patsogolo ndi ola limodzi, pomwe Britain amatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, ndi maola awiri miyezi inayo. Mukamaitana munthu wakunja, tumizani kuitana kwa pa kalendala, izisintha yokha.

Pangani makalendala malinga ndi ntchito, osati malinga ndi munthu: ina ya kuperekera katundu, ina ya malipiro ndi misonkho, ina ya tchuthi cha antchito. Oloredwa kusintha akhale mmodzi kapena awiri, ena onse azingoona. Pa ya misonkho ikani masiku obwerezabwereza a MRA, PAYE pofika pa 14 ndi VAT pofika pa 25 mwezi wotsatira, chikumbutso chilire masiku atatu zisanachitike, osati mphindi khumi. Ikanimonso tsiku lothera domeni ndi lothera layisensi ya bizinesi ku khonsolo. Kalendala yakale mutha kuisamutsa ndi fayilo ya .ics, koma imeneyo ndi kope ya tsiku limenelo. Zosintha za pambuyo sizitsatira. Pa foni, polemba chochitika chatsopano, yang'anani kalendala imene yasankhidwa. Ikakhala My calendar, chatsala pa foni yokhayo.

Chitetezo ndi tsiku limene wantchito achoka

Yatsani kutsimikizira kwa magawo awiri, kofuna nambala yachinsinsi ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi, pa akaunti iliyonse. Apu monga Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator ndi yodalirika kuposa SMS, popeza SIM imatayika ndipo akuba amatha kuisinthitsa. Google imapereka manambala khumi osungira pangozi. Asindikizeni muwatsekere pamodzi ndi mabuku a cheke. Ma admin akhale awiri, kuti mmodzi akadwala kapena kutaya foni ntchito isaime.

Mbava za pa intaneti zikalowa mu imelo ya bizinesi sizichita phokoso. Zimaika lamulo lotumiza makalata anu kwa izo mwakachetechete, kudikira invoyisi yaikulu, kenako n'kulembera kasitomala kuti akaunti ya banki yasintha. Kamodzi pamwezi tsegulani Forwarding ndi Filters pa Gmail, kapena Rules pa Outlook, mufufute chilichonse chimene simunaike. Uzani makasitomala kuti kusintha kwa akaunti ya banki azitsimikiza poimba nambala imene amaidziwa kale.

Polengeza mitengo yatsopano kwa anthu ambiri, maadiresi aikeni pa BCC, malo obisa maadiresi a olandira anzawo. Kuwaika poyera ndi kugawa buku lanu la makasitomala kwa opikisana nanu, komanso lamulo la Data Protection Act la 2024 limafuna kuti mfundo za anthu zisamalidwe. Gmail yaulere imalola makalata pafupifupi 500 patsiku, Workspace 2,000. Mukapyola, akaunti imaletsedwa kutumiza mpaka tsiku lathunthu.

Wantchito akachoka, musathamangire kufufuta akaunti yake. Tsiku lomwelo sinthani pasiwedi, mutulutseni pa zipangizo zonse kudzera pa admin, ndipo makalata obwera azipita kwa womulowa m'malo. Kenako samutsani mafayilo, kalendala ndi manambala ake. Pa Microsoft 365 bokosi lake lisandutseni shared mailbox musanachotse layisensi, makalata akale atsale osalipiranso.

Miyezi itatu iliyonse kopani zonse muzisunge pa hard drive yokhala kunja kwa ofesi. Google Takeout imatulutsa makalata mu fayilo ya MBOX, kalendala mu .ics ndi manambala mu .vcf, pomwe Outlook yakale ya pa laputopu imatulutsa zonse mu fayilo imodzi ya .pst. Fayilo ya makalata imakhala yaikulu, ndiye ikopeni pa Wi-Fi, laputopu ili yodzadza batire, ndipo mukamaliza tsegulani .vcf pa foni ina muwerenge ngati mayina akwanira.